Kukonza kosi ya pa Moodle kuti wophunzira waulumali athe kuitsata payekha: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite amafunsa kawirikawiri akauzidwa kuti kosi yawo ya pa intaneti ikhale yoti wosaona, wosamva kapena wovutika kugwira mawusi athe kuphunzira osadalira mnzake. Zitsanzo zambiri ndi za Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, popeza ndi yomwe yafala m'sukulu zathu, koma amene amaphunzitsira pa Canvas kapena Google Classroom atolaponso zake.

M'kalasi mwanga mulibe wophunzira waulumali. Ndivutikirenji?

Mwadziwa bwanji kuti mulibe? M'kalasi ya maso ndi maso mumaona ndodo yoyera kapena njinga, koma pa Moodle mumangoona mndandanda wa mayina. Ndipotu ulumali wambiri suonekera ngakhale munthu ataima pamaso panu. Wina amamva khutu limodzi, wina zilembo zimamusokonekera akamawerenga, wina amagwa khunyu akaona kuwala kothwanimathwanima. Ambiri sanena, poopa kulozedwa zala. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko lonse, kapena kuti 16 mwa 100 alionse, ali ndi ulumali woti umawasokoneza pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636, ndipo ambiri mwa iwo amavutika kuona zilembo zing'onozing'ono. Ena ali m'makalasi athu omwewa.

Palinso lamulo. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 24 la panganolo limakamba za maphunziro mpaka a ukachenjede. Lamulo lathu lokhudza anthu aulumali la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, linaletsa kale kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali. Koma ngakhale pasakhale lamulo, kumbukirani kuti kosi mukaikonza chaka chino mudzaikopera chaka chamawa ndi chinacho. Tsiku lomwe wosaona adzalembetse, semesita idzakhala itayamba, ndipo simudzakhala ndi mpata wokonzanso mafayilo onse.

Kodi imeneyi si ntchito ya a ICT? Ndimayesa Moodle inabwera yokonzakonza.

Mbali ina ndi yawodi. Moodle, yomwe anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia n'kuitulutsa mu 2002, inapangidwa moti munthu atha kuyendamo ndi kiyibodi yokha, ndipo mapulogalamu owerengera osaona amaimva bwino. A ICT udindo wawo ndi kuonetsetsa kuti sukulu ili ndi Moodle yatsopano komanso kuti sanaivale maonekedwe osokoneza. Koma zimene zili m'kati mwa kosi, manotsi, zithunzi, makanema ndi mayeso, mumaika ndinu. Zili ngati sukulu yamanga kalasi yokhala ndi njira yabwinobwino yolowera njinga, inu n'kuunjika matumba a chimanga pakhomo.

Wosaona amawerenga bwanji zapakompyuta?

Amagwiritsa ntchito screen reader, pulogalamu yomwe imatchula mokweza zonse zili pa sikirini. Pa Windows ambiri amakonda NVDA chifukwa ndi yaulere. Anaiyambitsa Michael Curran ndi James Teh, onse osaona, ku Australia mu 2006. Ilipo ina yogula yotchedwa JAWS. Pafoni ya Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, zonse zimabwera ndi foni.

Chofunika kudziwa n'chakuti wosaona samvetsera tsamba lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, monganso inu simuwerenga nyuzipepala yonse mzere ndi mzere. Amadumphadumpha. Pa NVDA akadina H amapita pamutu wotsatira, K pa linki yotsatira, T patebulo, ndipo Insert pamodzi ndi F7 imamubweretsera mndandanda wa malinki onse a patsambalo. Tsono taganizirani tsamba lomwe mphunzitsi analemba kuti “manotsi a sabata ino dinani apa, asayimenti dinani apa, kanema dinani apa”. Pamndandanda uja wophunzira amangomva “dinani apa, dinani apa, dinani apa”, osadziwa kuti ndi iti ya chiyani. Linki izinena yokha kumene ikupita: “Manotsi a sabata 3, kasamalidwe ka nthaka”. Mayina a mafayilo chimodzimodzi. Fayilo yotchedwa “final final 2 new.pdf” imasokoneza ngakhale woona bwinobwino.

Manotsi anga ndi a kalekale, ndinangowapanga sikani n'kuika ngati PDF. Vuto lili pati?

Apa ndiye pagona nkhani. Mwa zolakwika zonse zomwe zimapezeka m'makosi athu, ichi ndicho chimatsekera ophunzira kunja kotheratu. Pepala mukalipanga sikani kapena kulijambula ndi foni, chimene chatuluka ndi chithunzi cha pepala, osati mawu. Inu mukuona zilembo, koma kompyuta ikuona madontho akuda ndi oyera. Screen reader ikafika pamenepo imangokhala chete, kapena kunena kuti fayiloyo ilibe kanthu. Wovutika kuona akaikulitsa, zilembo zimachita chimbuuzi, ndipo amayenera kukankha tsamba uku ndi uku pamzere uliwonse. Nanji ngati pepalalo linali fotokope ya fotokope, lopendekeka, m'mphepete muli mdima wa pamsana pa buku.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani PDF ija, muyese kudetsa mzere umodzi ndi mawusi ngati mukufuna kuukopera. Kapena dinani Ctrl ndi F mufufuze liwu lomwe mukuliona ndi maso patsambapo. Likapanda kupezeka, dziwani kuti ndi chithunzi.

Ngati fayilo yoyambirira ya Word ikadalipo pa flashi kapena mu imelo yakale, ikani imeneyo, nkhani yatha. Ngati inasowa, pali njira yotchedwa OCR, yosandutsa chithunzi cha zilembo kukhala mawu enieni. Yapafupi ndi kuika PDF ija pa Google Drive n'kuitsegula ndi Google Docs. Koma musaikhulupirire kwambiri. Imasokoneza 1 ndi l, 0 ndi O, imaphwanya matebulo, ndipo zolemba pamanja imalephera nthawi zambiri. Werengani zonse zomwe yatulutsa musanapereke, makamaka manambala. Kwa wophunzira zaunamwino, 0.5 ikasanduka 05 si nkhani yoseka.

Ineyo ndimaona kuti manotsi ofunika kwambiri ndi bwino kuwalemba mu Moodle momwemo, pogwiritsa ntchito Page, kapena Book ngati ali ndi mitu yambiri. Mawu otere amadzikonza okha kuti akwane pafoni, amakula popanda kuwonongeka, ndipo mukapeza cholakwika mumangokonza pomwepo osachotsa fayilo. PDF ikhalepo ya amene akufuna kupulinta.

Mitu ndimaikulitsa ndi kuidetsa. Sizokwanira?

Ayi. Zilembo zazikulu zakuda zimaoneka ngati mutu kwa woona yekha. Kwa kompyuta ndi ndime wamba, ndiye H uja sagwira ntchito. Mu Word gwiritsani ntchito Styles: Heading 1 pamutu waukulu, Heading 2 pamitu ya m'kati, osadumpha kuchoka pa 1 kufika pa 4 chifukwa choti 4 ikuoneka bwino. Polemba mu Moodle mudzaona kuti mitu imayambira pa 3, popeza yapamwambayo tsamba linatenga kale. Mindandanda nayo muziipanga ndi batani lake, osati kulemba timizere pamanja. Phindu lina n'lakuti Word imakupangirani yokha tsamba la zam'katimu. Posandutsa fayilo kukhala PDF, gwiritsani ntchito Save As ndipo muonetsetse kuti bokosi la “Document structure tags for accessibility” ndi lochonga.

Pachithunzi ndilembepo chiyani?

Mukamaika chithunzi, Moodle imakufunsani kuti muchifotokoze. Ambiri amangolemba “pic” kuti bokosilo liwasiye. Dzifunseni kuti: chithunzichi ndachiika kuti wophunzira adziwe chiyani? Yankho lake ndiye mulembe. Ngati ndi girafu ya mvula, musangoti “girafu ya mvula”. Nenani zomwe ikuonetsa, mwachitsanzo kuti mvula ikuyamba mu Novembala, ikufika pachimake mu Januwale, n'kutsika mu Epulo. Chithunzi chimodzimodzicho chingafune mawu osiyana m'makosi awiri. Tsamba la chimanga lachikasu, kwa wophunzira zaulimi muyenera kunena kuti chikasucho chayambira kunsonga ya masamba apansi n'kutsata mtsempha wapakati, poti chimenecho ndiye chizindikiro chakuti m'nthaka mulibe nayitirojeni wokwanira.

Chithunzi chokhala ndi zambiri, monga mapu kapena kayendedwe ka magazi mu mtima, chifotokozeni bwinobwino m'ndime pansi pake, pomwe aliyense angawerenge. Chongokongoletsa tsamba chongani kuti ndi chokongoletsa basi, screen reader izichidumpha. Ndipo chonde, chidziwitso cha tsiku la mayeso musachiike ngati chithunzi cha positala.

Nanga mitundu? Ndimafuna kosi yanga izioneka yokongola.

Ikongole ndithu, koma zilembo zisiyane mokwanira ndi pomwe zakhala. Malangizo omwe maiko ambiri amatsatira pokonza masamba a pa intaneti kuti aulumali athe kuwagwiritsa ntchito ndi a WCAG, ochokera ku bungwe la W3C. Omwe ambiri akugwiritsa ntchito ndi a 2.1 a mu 2018 ndi a 2.2 a mu 2023, ndipo sukulu zambiri zimalinga pamlingo wapakati wa AA. Pamlingo umenewu zilembo wamba zimafunika kusiyana kwa 4.5:1, zazikulu 3:1. Zakuda papepala loyera zimafika 21:1. Zofiira zowala zija timakonda polemba “chenjezo” zimathera cha pa 4:1, ndiye zimalephera. Zachikasu poyera ndiye musayerekeze n'komwe. Contrast Checker ya WebAIM imakuwerengerani kwaulere.

Chachiwiri, mtundu usakhale wokha wonyamula uthenga. “Mafunso ofiira ndi okakamiza, obiriwira musankha” ndi msampha kwa amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi, vuto lomwe limagwira amuna kwambiri kuposa akazi. Lembani liwu loti “lokakamiza” pambali pa funsolo. Ophunzira ena achialubino kuwala kwa tsamba loyera kumawathobwa m'maso, ndiye amasintha foni kuti kumbuyo kukhale kwakuda. Zimenezi zimatheka pokhapokha mawu anu ali mawu enieni ndipo simunawakakamize mtundu.

Ndimajambula makanema ndikuphunzitsa. Wosamva ndimuthandiza bwanji?

Kanema aliyense akhale ndi mawu olembedwa oyenda pansi. Mawu omwe YouTube imalemba yokha ndi poyambira chabe. Amaphonya mayina a malo ndi mawu a sayansi, ndipo mukangoti “tamvana eti, tiyeni tipitirize” pakati pa Chingerezi, amalemba zosadziwika mutu wake. Muyenera kuwakonza pamanja. Pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit imathandiza, komabe fayilo ya mawuwa ndi yosavuta moti mutha kuilemba mu Notepad n'kuisunga ndi dzina lothera .vtt:

WEBVTT

00:00:04.000 --> 00:00:09.000
Lero tiona chifukwa chake nthaka ya pamtsetse imakokoloka msanga.

Moodle imalola kumata fayilo yotere pakanema. Njira yochepetsa ntchito ndi kulemba zomwe mukanene musanajambule. Mukatero kanema amafupika chifukwa simuzungulira, mawu apansi mwawapeza kale, ndipo zolembazo mutha kuziikanso pambali pa kanemayo kuti wopanda bandulo awerenge.

Dziwaninso kuti kwa ambiri omwe anabadwa osamva, chinenero chawo choyamba ndi chamanja, ndipo Chingerezi cholemba ndi chachiwiri kapena chachitatu. Mawu apansi amathandiza, koma salowa m'malo mwa womasulira. Pamaphunziro ovuta kambiranani ndi ofesi yoona za ophunzira aulumali pasukulu panu, kapena bungwe la anthu osamva la MANAD, za kupeza womasulira. Mukamujambula, aoneke wamkulu bwino, osati kakang'ono pakona moti zala sizikuoneka pafoni.

Wosaona naye ali ndi lake pakanema. Mukamaloza pabolodi n'kumati “ichi tikachichotsa apa n'kuchiika apo”, iye sanamve kanthu. Tchulani zinthu ndi mayina ake: “5 uyu tikamuchotsa kumanzere n'kumupititsa kumanja”.

Kosi yanga ili m'Chichewa. Screen reader iwerenga?

Iyesa, koma nthawi zambiri imatchula ndi liwu la Chingerezi, moti “ng'ombe” kapena “mphunzitsi” zimamveka zachilendo. Osaona ambiri anazolowera ndipo amamva ndithu, ena amasintha liwu kuika la Chiswahili lomwe lili mu eSpeak, pulogalamu yotchula mawu yomwe imabwera ndi NVDA, poti katchulidwe kake kali pafupi ndi kathu. Mbali yanu ndi iwiri. Lembani kalembedwe koyenera, osati ka pa WhatsApp kodula mawu, chifukwa “ndkfna” makina sangaitchule. Ndipo ngati mumatha kulowa mu HTML, ikani chizindikiro cha chinenero, chomwe pa Chichewa ndi lang="ny". Pa ndakatulo kapena phunziro la katchulidwe, dzijambuleni mawu mukuwerenga nokha, muike pambali pa zolembazo.

Masamu ndi matebulo?

Masamu musawajambule pabolodi n'kuika chithunzi. Alembeni ndi chida cha masamu cha mu Moodle, chomwe chimagwiritsa ntchito LaTeX ndi MathJax. Amakula bwino ndipo screen reader imatha kuwatsata. Tebulo likhale la manambala kapena zinthu zoyerekeza, osati lokonzera maonekedwe a tsamba. Mzere woyamba muuchonge kuti ndi wa mitu, ndipo pewani kulumikiza mabokosi.

Pamayeso, kupatsa wina nthawi yowonjezera si kukondera?

Mukuyesa chiyani, kudziwa phunziro kapena liwiro la maso? Funso la mayankho anayi woona amaliponya diso kamodzi. Wosaona ayenera kumvetsera funso, yankho loyamba mpaka lachinayi, mwina kubwereranso kuti afananize awiri. Wolemba ndi dzanja limodzi naye wotchi imamuthera asanamalize. Kuchuluka kwa nthawiyo kutsate malamulo a sukulu yanu, koma kachitidwe kake mu Moodle n'kosavuta: tsegulani Quiz, pitani pa Overrides, sankhani wophunzirayo, musinthe nthawi yake yekha. Asayimenti nayo ili ndi Overrides.

Mtundu wa mafunso nawo muuganizire. Okokera mawu pachithunzi, monga kuika mayina pa ziwalo za duwa, wosaona sangawayankhe ngakhale mutamupatsa tsiku lonse. Mukonzereni funso lina loyesa zomwezo, loti afotokoze ntchito ya chiwalo chilichonse. Lolani ophunzira kubwerera kumafunso am'mbuyo pokhapokha pali chifukwa chenicheni chowaletsera. Ngati sukulu imagwiritsa ntchito pulogalamu yotseka kompyuta poletsa kubera, iyeseni ndi screen reader mayeso asanafike, chifukwa nthawi zina imatsekera limodzi ndi zida zomwe wophunzirayo amadalira.

Ophunzira anga ambiri amalowa pafoni, bandulo ndi yovuta. Zikugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Zikugwirizana kwambiri, poti mankhwala ake ndi amodzi. Phunziro la ola limodzi ngati kanema limadya ma MB mazanamazana. Mawu okha a MP3 pa 64 kbps ndi pafupifupi 29 MB. Phunziro lomwelo litalembedwa silifika ngakhale 100 KB. Tsono zolemba zomwe munakonzera wosamva ndi zomwenso awerenge mphunzitsi wa ku pulayimale amene akuchita digiri ali kumudzi komwe netiweki imagwira pachulu pokha. Apu ya Moodle imalola kupanga dawunilodi zigawo za kosi kuti munthu aziwerenga popanda intaneti, ndipo Page ndi Book zimatsika mosavuta. Maphunziro apompopompo a pa Zoom kapena BigBlueButton muziwajambula, ndipo zoti mukaonetse muzitumiziratu dzulo lake, wovutika kuona azitsegule pafoni pake m'malo molimbana ndi sikirini yanu.

Ndayendetsa chida choyezera ndipo sichinapeze cholakwika. Ndamaliza?

Simunamalize. Polembera pa Moodle pali batani loyezera, kuyambira Moodle 3.11 palinso chida cha Brickfield choona kosi yonse, Word ndi PowerPoint zili ndi Check Accessibility, ndipo WAVE imayeza tsamba lililonse. Zigwiritseni ntchito, zimagwira zoiwalika. Koma makina amangoona kuti chithunzi chili ndi mawu, sadziwa ngati mawuwo ndi “pic”. Sadziwa ngati malangizo a asayimenti ali omveka.

Kuyesa kwenikweni ndi uku. Chotsani mawusi, muyende m'kosi yanu ndi Tab, Enter ndi timivi basi, muone ngati mungafike pa asayimenti n'kutumiza fayilo. Kulitsani tsamba kufika pa 200 peresenti muone ngati mawu sakubisana. Ikani NVDA, muzimitse sikirini, mupeze tsiku lomaliza kupereka ntchito. Ikakusokosani dinani Ctrl, imakhala chete. Kuposa zonsezi, pemphani munthu amene amagwiritsa ntchito zidazi tsiku ndi tsiku kuti ayendemo inu mukuonerera osamuthandiza. A Malawi Union of the Blind kapena aphunzitsi omwe anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, koleji yosula aphunzitsi a ophunzira aulumali, angakulozereni anthu otere. Nthawi yawo muilemekeze, imeneyo ndi ntchito.

Buku ndi la eni ake. Ndingalisandutse kuti wosaona awerenge?

Pangano la Marrakesh la mu 2013, lomwe Malawi analowamo, linapangidwira zimenezi: kulola kuti mabuku asandutsidwe kukhala a braille, a zilembo zazikulu kapena omvetsera, kwa anthu omwe sangathe kuwerenga zosindikiza wamba. Si chilolezo chogawira kalasi yonse. Pitani ku laibulale ya sukulu yanu, ndiwo oyenera kuyendetsa zimenezi.

Kosi yanga ndi yakale, mafayilo ndi ambirimbiri. Ndiyambire pati?

Musayambire sabata 1 n'kumatsika, mutopa musanafike pakati. Yambani ndi zomwe wophunzira akaziphonya walephera: ndondomeko ya kosi, malangizo a asayimenti, mayeso. Kenako ma PDF a sikani omwe ndi okakamiza kuwerenga. Kenako sabata zomwe zikubwera. Pochita zimenezi mupeza mafayilo omwe palibe anawatsegula chiikireni, ndipo malipoti a Moodle amaonetsa zimenezo. Afufuteni. Sabata iliyonse ikhale ndi dongosolo lofanana, zowerenga, kanema, ntchito, kuti munthu asamasakesake. Chatsopano chilichonse chomwe muike kuyambira lero chikhale chokonzeka kale.

Wophunzira wandiuza kuti ali ndi ulumali. Ndimufunse chiyani?

Musamufunse kuti anadwala chiyani kapena zinayamba liti. Mufunseni zomwe amagwiritsa ntchito, foni kapena laputopu, pulogalamu yanji, ndi mtundu wa fayilo womwe umamuyendera bwino. Osaona awiri atha kufuna zosiyana: wina Word kuti amvetsere, wina braille, wina zilembo zazikulu basi. Pamwamba pa kosi lembani chiganizo chimodzi chouza aliyense kuti akapeza chosatseguka akulembereni, ndipo munene kuti muyankha pasanathe masiku angati.

Zomwe wakuuzani ndi zachinsinsi. Musalengeze pagulu la WhatsApp la kalasi kuti uje wapatsidwa nthawi yowonjezera, ndipo mu Moodle musapange gulu lotchedwa “aulumali”, chifukwa mayina a magulu amatha kuonekera kwa anzawo pamndandanda wa ophunzira. Gwiritsani ntchito override ya munthu mmodzimmodzi. Pakatha sabata ziwiri mufunseninso ngati mafayilo akutseguka, popeza ambiri akadandaula kamodzi sabwereranso kachiwiri, amangopempha mnzawo wa m'chipinda kuti aziwawerengera.